Bambo a ana ali ku Joni akufunsa zoseweretsa zoti agule, ndiwauze chani?

Funso ili lachokera kwa mayi wina wa ku Makawa, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndangolidula pang'ono: "Ndili ndi ana atatu, wamkulu ndi mtsikana wa zaka 5, wachiwiri mnyamata wa zaka 3, womaliza ali ndi miyezi 10. Bambo awo ali ku Joni, akubwera Disembala ndipo akuti ndiwauze zoseweretsa zoti agule. Iwo mtima wawo uli pa tabuleti ndi galimoto ya rimoti, akuti ana achangamuke mutu asanayambe sukulu. Chaka chatha anatumiza kachidole koimba ABC koma sikanathe olo sabata anali atakaphwasula. Nde ndiwauze chani?"

Mayi zikomo pofunsa, ndipo bambo a kunyumbawo muyambe mwawathokoza kaye, chifukwa si onse amene akafika ku Joni amakumbukira zoti ana amasewera, ambiri mutu umangodzaza malata ndi simenti basi. Yankho langa litalikirapo, mupirire.

Pali kafunso kamene ndimawapatsa alezi a m'sukulu za mkombaphala tikamakonza zipangizo za ana, nanunso kakuthandizani. Mukanyamula choseweretsa chilichonse dzifunseni kuti apa amene azigwira ntchito ndi ndani, mwana kapena chinthuchi? Kachidole ka ABC kaja mwana amangodina batani, iko nkumaimba, nkumathwanima, nkumazungulira, iye wangokhala pansi kukamwa kuli yasa. Akadinanso, nyimbo yomweyo. Pofika tsiku lachitatu chachilendo palibenso, nde chatsala nchani? Kukatsegula kuti aone woimbayo wakhala pati. Timathamangira kunena kuti ana athuwa ndi owononga, koma kunena zoona kuphwasulako ndi sewero lokhalo limene kachidoleko kanamusiyira kuti achite yekha.

Tsono taonani zomwe ana omwewo amachita ndi zitsekerero za mabotolo, masamba a mango ndi chitini chakale. Mukadzawapeza kuseri kwa nyumba akusewera zogulitsana nsomba musawasokoneze, ingoimani patali mumvetsere. Wina wayala masamba pa katoni m'timilu, akuti ndi usipa, tsamba lalikulu lija ndi chambo ndipo mtengo wake ndi wina. Mnzake wabwera ndi zitsekerero zisanu m'manja, akuti "mwadulitsa mayi, ndichotsereni", wogulitsa akukana akuti lero kunyanja kuli mwera nsomba sizinafe, wogula akuwerenga ndalama zake kawiri, kenako akuumirira banyira. Kamnyamata kakang'ono kamene sakakafuna akapatsa ntchito ya kabaza, kakuzungulira bwalo ndi ndodo pakati pa miyendo. Mu mphindi khumi zokhazo mwachitika kuwerengera, kusiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono, kunenerera, kudikira mnzako amalize kuyankhula, kukumbukira kuti iwe ndiwe ndani mu seweroli. Mawa zitsekerero zomwezo zikhala ng'ombe m'khola, mkuja zikhala matayala. Chinthu chimene chimatha kusanduka zinthu zambiri choncho ndiye choseweretsa chophunzitsa, olo pabokosi pasalembedwe chilichonse.

Izi si zongoganiza ine ayi. Ku America ofufuza a pa Northern Arizona University anajambula mawu m'mabanja 26 okhala ndi makanda a miyezi 10 mpaka 16, kuyerekeza nthawi yosewera ndi zidole za batire zoyankhula, nthawi ya mabuloko wamba, ndi nthawi ya timabuku. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016 ndipo zinaonetsa kuti chidole chikamayankhula kholo limachepetsa kuyankhula, mwananso amachepetsa kutulutsa mawu. Pamene mwana amaphunzira kuyankhula pomayankhulidwa ndi munthu amene akumuyang'ana nkumamuyankha. Kafukufuku wina amene ine amandigwira mtima kwambiri anachitikira ku Kingston m'dziko la Jamaica kuyambira cha m'ma 1986. Anatenga ana opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 a m'mabanja osauka, azaumoyo nkumawayendera sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, kuwaonetsa amayi mmene angaseweretsere ana awo ndi zinthu zopanga pakhomo pomwepo. Patatha zaka pafupifupi 20 anawafunafunanso, nkupeza kuti amene ankaseweretsedwa aja ankapeza ndalama zoposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe ndi pafupifupi 25 peresenti. Munalibe tabuleti mmenemo, munali mabotolo, tinsalu, timabuku ta zithunzi ndi mayi wokhala pansi pamphasa.

Sindikunena kuti bambo asagule kanthu, ayi agule ndithu, ana amasangalala bambo akatsika basi ndi katundu wawo. Koma tiyeni tione mwana aliyense payekha.

Khandalo, pa miyezi 10 ntchito yake yaikulu ndi kugwira, kuika mkamwa, kumenyetsa, kuponya pansi kuti inu mutole iye aponyenso (kumatopetsa inde, koma akuphunzira kuti chinthu chikagwa sichinathe, chilipobe), ndi kuika zinthu m'chitini nkuzikhuthula. Ndi msinkhu womwenso amayamba kutola tinthu ndi zala ziwiri. Nde kwa iyeyu bambo angagule makapu apulasitiki aja olowetsana, lalikulu kumeza laling'ono, amene amasanjikikanso pamwamba pa linzake, mpira wofewa woti augwire ndi manja awiri, ndi kabuku kamodzi kapena tiwiri ta mapepala olimba ngati katoni tokhala ndi zithunzi zikuluzikulu. Basi. Zina zonse muli nazo kale kukhitchini, mbale yapulasitiki ndi chipande ndi ng'oma yokwana, chitenje chanu ndi chobisalirana, mumadziphimba kumaso nkufunsa kuti "amama ali kuti?" iye nkukoka nsaluyo kuseka mpaka kugwa chagada. Mutha kumupangira chisekese ndi botolo louma bwino, kuikamo timiyala kapena chimanga, koma chitsekererocho mumange zolimba zoti olo wa zaka 3 uja asathe kutsegula, ndipo muzichiona kawirikawiri ngati sichinayambe kung'aluka.

Apa ndiye pali nkhani imene ndikufuna muimvetsetse, chifukwa vuto la nyumba ya ana atatu ndi loti choseweretsa chabwino cha wamkulu ndi ngozi kwa wamng'ono. Mwana wosakwana zaka 3 amatsamwa mosavuta, njira yake ya mpweya ndi yaing'ono ndipo sakhosomola mwamphamvu. Makampani opanga zidole amayeza ndi kachubu kotambalala mamilimita 31.7, chilichonse cholowamo chonse sichiloledwa kwa mwana wa msinkhu umenewu. Inu kachubuko mulibe, nde pangani bwalo pokumanitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala, chimene chikudutsa pamenepo chisafike m'manja mwa khanda. Zitsekerero ndatamanda zija, njere za bawo, mikanda, mabatani, ndalama zachitsulo, nkhono zing'onozing'ono za kumchenga, zonsezi zikhale ndi chitini chake chotsekeka pamwamba pa kabati, zizitsika mwana akakhala kumsana kapena akagona. Mtsikana wanu wa zaka 5 mukamufotokozera chifukwa chake akhoza kukhala mlonda wabwino kuposa inu. Bambonso akamasankha mu shopu ayang'ane pabokosi, kachizindikiro ka nkhope ya mwana yokhumudwa yodulidwa ndi mzere wofiira, pali 0-3, kakutanthauza kuti muli tizidutswa toopsa kwa ana aang'ono.

Choopsa kuposa zonse ndi timabatire tija tozungulira tophwatalala tonyezimira, ta m'mawotchi, m'zidole zoimba, m'timatochi ndi m'marimoti ena. Mwana akameza kamodzi nkukakamira pakhosi, kamayamba kuwotcha njira ya chakudya mkati, ndipo pa maola awiri okha kakhoza kukhala kataononga kwambiri, olo batireyo ikhale yoti inatha moto. Choipa nchoti poyamba mwana amatha kuoneka bwinobwino, mwina kungotuluka dovu, kukana kudya kapena kusanza. Mukangokayikira musamusanzitse, musadikire kuti tione mawa, thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene momveka kuti mukuganiza kuti wameza batire, kuti amuone msanga ndi kumujambula. Nde chidole chilichonse cha batire chimene chalowa m'nyumba mwanu, tembenuzani muone kachitseko ka mabatire, ngati kamatseguka ndi chikhadabo popanda kumasula kasikuluwu chimenecho si cha ana anu. Kachidole kophwasulidwa kaja kaya zidutswa zake zinapita kuti, ngati zidakali pakhomo zisakeni muzitaye kutali.

Zina ndingozitchula mwachangu. Timaginito ting'onoting'ono, mwana akameza tiwiri timakokana m'matumbo nkuboola. Mabaluni ophulika kapena osapopa amamata pakhosi. Timikanda tija tofufuma tikaikidwa m'madzi timakafufumanso m'mimba. Mfuti zoponya timipira tapulasitiki zimaphulitsa maso, ndipo legeni adikire akule. Chidole chimene penti yake ikusupuka mukakanda, kapena chikununkha mankhwala kwambiri mukangotsegula pepala, chisiyeni, penti ina imakhala ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Mtovu womwewo uli m'mabatire akuluakulu akutha aja a sola ndi owunikira usipa, ana asamaseweretse zamkati mwake. Zopanga tokhazi nazonso zili ndi malamulo ake, botolo limene munali mankhwala a mbewu, a makoswe kapena parafini si la masanje olo mulitsuke bwanji, ndipo njere za nsatsi ndi tinjere tija tofiira ta kadontho kakuda ndi poizoni, zisalowe mu chisekese kapena pa bawo ya ana. Za pa kaunjika si zoipa, nthawi zina kumapezeka zolimba kuposa zatsopano, bola muzichape ndi sopo, muziyanike padzuwa, mukoke maso ndi mabatani a chidole muone ngati sakuzuka.

Tibwere kwa mnyamata wa zaka 3. Bambo atati ndalama yachepa agula chinthu chimodzi chokha cha ana onse, ine ndingati mabuloko akuluakulu olumikiza, a mtundu wa Duplo kapena ofanana nawo, osati LEGO ting'onoting'ono tija chifukwa cha khanda. Mabuloko satha fasho, wamng'ono azimenyetsa ndi kugumula, wa zaka 3 azimanga nsanja ndi garaja, wamkulu azimanga nyumba ya zipinda ndi mlatho wa pa Shire. Mwana akamamanga chinthu nkugwa, nkumangiranso mwina, akuphunzira kulemera, kutalika, kufanana kwa mbali, komanso kupirira osangolira zikakanika. Ngati bokosi lake lakula mtengo musadandaule, pitani kwa kalipentala aliyense pa Makawa pompo mupemphe zidutswa za matabwa zimene amataya, akuduleni mosiyanasiyana, zina zazitali zina za makona anayi, muzikwecha ndi sandipepala mpaka zisalale osasiya zibenthu, penti musapake. Zimenezo zimatha zaka, zidzafika mpaka kwa adzukulu.

Galimoto ya rimoti ine ndikuti ayi, pakadali pano. Choyamba mwana wa zaka 3 sanafike pomatha kuiwongolera, azingoigunditsa kukhoma, mapeto ake woseweretsa akhala bambo ndi anyamata akuluakulu a pamudzi iye akulira pambali. Chachiwiri ndi mchenga wathu wa kunyanjawu, ukangolowa m'magiya ake yatha, ndipo okonza palibe. Chachitatu mabatire, bambo akadzabwerera Januwale ogula mukhala inu. M'malo mwake agule chilole cholimba chokankha ndi manja chokhala ndi bodi yoti azinyamuliramo mchenga ndi miyala, injini ikhale pakamwa pake. Mwana wokankha galimoto amakwawa, amathamanga, amapanga misewu ndi milatho, amayankhula yekha nkhani yonse ya ulendo. Awonjezerepo mpira, weniweni wa saizi yaing'ono ndi pampu yake, ngakhale kunena chilungamo paminga chikulunga cha majumbo chimapirira kuposa wogula.

Dongo musamuletse. Ndikudziwa kuchapa kumawawa ndipo sopo wakwera, koma kuumba ng'ombe, miphika ndi mafoni adongo kumalimbitsa tizala timene adzagwirire pensulo. Mumupatse kabudula wakutha wa ntchito imeneyo, malo ake akhale kutali ndi khola ndi chimbudzi, akamaliza asambe m'manja ndi sopo asanadye. Mapesi, bango, mlaza, chigoba cha dambe chimene chimasanduka bwato, zonsezi kwathu kuno nzosasowa. Ndipo mukadzamuona wabereka chidole cha chitsononkho kumsana kapena akuphika nawo masanje musamuseke kapena kumukalipira kuti ndi zachikazi, akutengera zimene amaona ndipo akuphunzira kusamala mnzake, chimodzimodzi mtsikana akafuna galimoto mpatseni. Mabanja ena sakonda zidole zokhala ndi nkhope ya munthu pa zifukwa za chipembedzo, palibe vuto, chansanza chopanda maso mwana amachikonda chimodzimodzi, nkhopeyo amaiona yekha m'mutu.

Madzi ana amawakonda koopsa, kuthira m'kapu, kukhuthulira m'botolo, kuona chimene chikumira ndi chimene chikuyandama. Koma inu muli m'mbali mwa nyanja nde ndinene. Madzi osewerera akhale a pamjigo, m'beseni losazama, inu muli pomwepo, mukatha mutaye, chifukwa khanda limatha kumira mu ndowa ya madzi ochepa, mutu ukalowa silitha kudzidzutsa. Kunyanja madzi odekha a m'mabango ndi m'maudzu ndi kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ng'ona nazonso mukuzidziwa, nde ana ang'onoang'ono awa asamapite ndi anzawo okhaokha. Mwana akayamba kukodza magazi si kukula ayi, ndi matenda ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala.

Mtsikana wa zaka 5 watsala chaka chimodzi kuti alowe Sitandade 1, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri timasochera, timaganiza kuti kukonzekera sukulu ndi kuloweza ABC ndi kuwerenga mpaka 100 m'Chingelezi. Funsani mphunzitsi aliyense wa Sitandade 1 amene ali ndi chikhamu cha ana m'kalasi imodzi, akuuzani kuti amene amachita bwino ndi mwana wotha kumvetsera, kudikira nthawi yake, kugwira pensulo, kufotokoza zomwe akufuna, ndi kudziwa kuti 5 ndi zinthu zisanu zenizeni osati nyimbo chabe. Zonsezi zili m'masewera amene inuyo munakulira. Phada, mwala uli m'mwamba dzanja likutulutsa miyala pabwalo, diso likutsatira, kenako kubweza yonse kusiya umodzi, ulendo wina kusiya iwiri, kumeneko ndi kuchotsera kwenikweni mwana asanaone bolodi. Bawo ya akuluakulu ya maenje 32 ndi njere 64 imuchulukira, koma mukumbireni mizere iwiri pansi pa mtengo muyambe ndi kufesa njere imodzi pa dzenje lililonse, muona mmene azidzawerengera patsogolo kuti ndikathera pati. Jingo ndi fulaye ndi za thupi ndi kuwerenga mokweza, chipako ndi chibisalirano ndi za malamulo ndi kuvomereza kuti wagwidwa.

Zogula zake zikhale makrayoni akuluakulu, mapepala ambiri, kasizasi kosasongoka ka ana, choko, chingwe chodumpha, ndi sewero lija la njoka ndi makwerero kapena Ludo. La njokali ndimalikonda chifukwa manambala amakhala pamzere mwana nkumayenda nawo bokosi limodzi limodzi, ndipo ofufuza ena ku America anaonetsa mu 2008 kuti masewera oyenda pa manambala otere amathandiza ana a msinkhu wa mkombaphala kudziwa nambala yaikulu ndi yaing'ono. Limaphunzitsanso kuluza, njoka ikakumeza uli pafupi kufika umalira tsiku loyamba, lachitatu umangoseka. Dayisi ndi tizidole take tizikhala m'chitini cha pamwamba chija. Zithunzi zolumikiza zidutswa angagule za zidutswa 24 kapena kuchepera, apo ayi matani chithunzi cha pa kalendala yakale pa katoni mudule nokha. Mabuku a Chingelezi ochokera ku Joni ndi abwino pa zithunzi, mutha kumafotokoza m'Chichewa zimene zikuchitika nkumamufunsa kuti ukuganiza kenako chichitike nchani, koma mukapita ku boma kapena ku Blantyre musakenso a Chichewa, chifukwa ku Sitandade 1 akakumana ndi a e i o u ndi maphatikizo a chiyankhulo chathu.

Tsopano tabuleti. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 oti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku ndipo kuchepera apo ndi bwino, komanso kuti ana a chaka chimodzi mpaka 4 azikhala ndi maola osachepera atatu patsiku akusewera moyendetsa thupi. Ine sindinena kuti tabuleti ndi satana, muli timapulogalamu tabwino ndithu, ndipo m'mapulaimale ena a boma ana akuphunzira nawo kuwerenga ndi masamu, koma kumeneko nthawi ndi yoyeza, zophunzira nzosankhidwa ndipo mphunzitsi ali pomwepo. Kunyumba zimakhala zina. Tabuleti imodzi pakati pa ana atatu ili ngati nsomba imodzi pakati pa amphaka atatu, ndewu tsiku lililonse, ndipo khanda lizionera nawo mufune musafune. Kenako bando, kutchaja magetsi akazima, sikirini kusweka, ndi makatuni ongobwera okha limodzi pambuyo pa linzake mwana osaphethira, mukamulanda nkugubuduzika pansi. Mwana woloweza mawu a m'makatuni amaoneka ngati wachangamuka, koma mufunseni kuti wadya chani kwa anganga muone ngati angafotokoze.

Ngati bambo aumirira, chifukwa nthawi zina mphatso yotere imakhala yoti anthu aone kuti munthu anapitadi ku Joni, musakangane nawo, ingogwirizanani malamulo isanafike. Ikhale yanu osati ya mwana, izisungidwa ndi inu, aikiretu zinthu zochepa zosafuna intaneti, izituluka kanthawi kochepa kodziwika inu muli pambali nkumafunsa zomwe akuona, pa nthawi ya chakudya ayi, pogona ayi. Ntchito ya sikirini imene ndimaivomereza ndi mtima wonse ndi imene mukuchita kale, kuimbirana pa vidiyo ya WhatsApp ndi bambo awo, chifukwa kumeneko kuli munthu amene akuyankha. Auzeni asamangofunsa kuti muli bwanji mwadya, aziti ndionetse chimene wamanga lero, aziwaimbira nyimbo, aziwaponyera ndagi.

Ndipo za ndagi ndi nthanozi musazione mopepuka. Ngati anganga alipo pafupi, madzulo mukatha kudya muzimitse wailesi muwapemphe ayambe padangokhala, ana ayankhe tilitonse. Mwana womvetsera nthano amasunga m'mutu chiyambi, pakati ndi mathero, amaimba nawo kanyimbo kake, mawa amaifotokoza kwa anzake mowonjezera zake. Kaya anganga amayankhula Chiyao inu Chichewa, zisiyeni choncho, ziyankhulo ziwiri sizisokoneza mwana, kusakaniza mawu pa msinkhu uwu nkwachibadwa ndipo kumatha kokha. Bola udzudzu, nthano za panja zizitha msanga akalowe m'neti.

Kuchuluka kwa zinthu nakonso muchenjere nako. Pa University of Toledo anayesa ana 36 a miyezi 18 mpaka 30, ulendo wina kuwapatsa zoseweretsa 4, ulendo wina 16, nkupeza kuti zikakhala 4 mwana amakhalitsa pa chinthu chimodzi ndipo amachiseweretsa m'njira zambiri. Nde chikwama chikadzafika musakhuthule zonse tsiku limodzi, tulutsani ziwiri zitatu, zina mubise, pakatha masabata awiri musinthe, chakale chija chikadzatulukanso chimakhala ngati chatsopano. Za ana a maneba, kumudzi simungatseke geti, ndipo simukufuna mwana wanu akhale wosewera yekha ndi katundu wake. Gawani pawiri, mpira, chingwe ndi chilole ndi za pabwalo za aliyense, zimakoma pagulu ndipo zikatha zatha. Mabuku, makrayoni ndi mabuloko ndi za pakhonde, anzake abwere adzasewere pomwepo inu mukuona, pomaliza onse atolere nkuwerenga ngati zakwana.

Kusewera kumakuuzaninso za thanzi la mwana. Khanda likafika chaka osatembenuka mukaliitana dzina kapena mukagwedeza chisekese kumbuyo kwake, likafika chaka ndi theka osaloza chinthu ndi chala kuti muone nawo, kapena mwana akafika zaka 2 osalumikiza mawu awiri ngati "amama madzi", kapenanso wasiya zimene ankatha kale, musagule chidole china poganiza kuti chimuchangamutsa, kanenani kusikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu amuone makutu ndi kakulidwe.

Chomaliza ndi cha bambowo. Wamng'onoyu mwina sanawaonepo maso ndi maso, nde asadzadabwe akadzawathawa masiku oyamba, asamukakamize kumunyamula, adzakhale pansi pamphasa ndi makapu aja azisanjika iye azigumula, azolowerana pompo. Mnyamatayo adzamupangire galimoto ya mawaya limodzi, ya chiwongolero chachitali ndi matayala a zitini kapena a patapata wakutha, iye azigwirizira ndi kusankha kuti ikhale minibasi kapena lole ya nsomba. Nsonga zonse za waya azipinde nkuzikulunga ndi mphira kuti zisabaye, ndipo chiwongolerocho chithere pamimba osati pafupi ndi maso. Waya ndi mphira zipezeka konkuno, iwo angokumbukira kuponya kapulayazi m'chikwama.